Khomali Sitiligwetsa

Mayi a ana,

Musadzidzimuke mukalowa kuchipinda chakumapetocho. Pulasitala amene ndinamata dzulo pakhoma lakale lija wagwa yense m'mawa uno, chifukwa sindinanyowetse njerwa. Mmisiri wabwera n'kunena kuti, "Khomali ndi lopindika, bwana, tingoligwetsa." Ndamukanira. Amayi anu akutuluka m'chipatala Loweruka, ndipo sadzagona pabalaza ine ndili moyo. Ndathamangira kukagula simenti ndi waya, lero lomwe ndilisalaza ndi konkire mpaka liwongoke.

Chonde muzilithira madzi khomalo kuti linyowe bwino, ndipo ana asalowemo. Pepaninso, ndinasakanizira simenti m'beseni lanu lochapira, moti yaumiramo gwa. Mudzandikalipire Lamlungu, lero ndikufuna mundigwirire makwerero.

Ndine mwamuna wanu