Thonje la Ababa Limene Silinamere

Logan, Utah
Mwezi wa Meyi

Okondedwa achimwene Onesimo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Fidelia ndi ana. Kodi bondo lija likukusowetsanibe mtendere? Nanga Amayi, chifuwa chija chinasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti tsabola munanditumizira uja watha, ndipo wa m'sitolo za kuno ndi wofiira maonekedwe okha, kukamwa ndi wozizira ngati madzi.

Ndikanatha kuimba foni, koma ndimakudziwani. Nkhani ikangokhudza Ababa mumati nkhosa zatuluka m'khola, n'kudula. Pepala simungalidule pakamwa, ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Mukukumbukira chaka chatha titakwera kuphiri, ku nkhalango yathu ya mitengo ya alamo, ija njere zake zimauluka zitakutidwa ndi thonje, ine ndikuthyola masamba n'kumaika m'maenvulopu? Munandiseka kuti sukulu yonse ija ndinaphunzirira kutola zinyalala. Ndinathyola pa mtengo umene Ababa ankalembapo dzina lawo ndi mpeni chaka chilichonse akakwera ndi nkhosa, pa mtengo wa malemu mchimwene wathu Eloy, pa ina ya kutsidya kwa kasupe, ndiponso pa timphukira ta m'udzu. Tawayeza masambawo kuntchito kwathu kofufuza za mitengo, ndipo zotsatira zatuluka.

Achimwene, nkhalango yonse ija ndi mtengo umodzi. Kuchokera pa kasupe mpaka pa thanthwe lalikulu lija muzu ndi umodzi, ndipo mitengo yoyera timaiona ija ndi nthambi chabe zotulukira pansi.

Zimenezo n'zodabwitsa chabe, chondipweteka ndi ichi. Chamoyo chilichonse chimasunga malangizo a kapangidwe kake m'timitolo tosaoneka ndi maso, kuntchito timati makromozomu. Inu ndi ine tili ndi mitolo iwiri, wina wa kwa Ababa, wina wa kwa Amayi. Alamo ambiri nawonso ali ndi iwiri. Wathu uli ndi itatu. Kalekale, makolo athu asanalote n'komwe zofika m'mapiri amenewo, njere imodzi inalandira mtolo woonjezera n'kumera. Mtengo wotere umakula msanga ndipo masamba ake amatambalala, n'chifukwa chake mthunzi wa pamene paja ulibe unzake. Koma pobereka, mtengo umayenera kugawa mitolo yake pakati, ndipo itatu sigawika pakati. Thonje limatuluka ndithu, lambirimbiri, koma njere zake ndi mankhusu okhaokha.

Abwana anga, mayi Sorensen, ataona zimenezi anaomba m'manja. Amvekere, "Senaida, iwe uli ndi mwayi! Nkhalamba iyi ndi yoti tonse tikaivulire chipewa." Ine ndinati ndikukamwa madzi. Ndinakakhala m'galimoto masanasana n'kulira ngati mwana.

Inu munali wamkulu kale, mukudziwa kuposa ine. Ababa ndi amene anatuma Eloy kukabweza nkhosa tsiku lija mitambo itada bii, mphenzi n'kumupeza pafupi ndi mtengo umene anali atalembapo dzina lake chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo, thonje likangoyamba kuuluka, Ababa ankalitolera m'chipewa n'kudzalifesa m'zitini za khofi zondandalika pakhonde. Ankafuna mwana wa nkhalango imeneyo akaime pamanda a Eloy kuseri kwa tchalitchi. M'mawa uliwonse ankathirira atagwada, maso ali pa dothi. Chomera chinali udzu basi.

Amayi ankawakalipira kuti, "Bambo a Onesimo, zitinizo zidzakudyani mutu, tabwerani mudye!" Iwo ankangoyang'ana zikhatho zawo n'kunena kuti manja awo ndi amene anauma, kuti mwanayo akanawakhululukira, bwenzi kanthu katamera. Anapita akukhulupirira zimenezo. M'chipatala muja, mawu omaliza amene anandilankhula anali ondifunsa ngati ndathirira zitini.

Sanali manja awo, achimwene. Akanafesa wansembe, akanafesa mayi Sorensen ndi makina awo onse, sipakanamera kanthu. Vutolo linayamba Ababa asanabadwe, Eloy asanabadwe. Ndipo ine amene ndikanawauza ndadziwa iwo atagona kale pafupi ndi mwana wawo.

Chidziwire zimenezi sindili bwinobwino. Ndikatsegula mpopi kuntchito kuti nditsuke mabotolo, ndimamva madzi akulira m'chitini chopanda kanthu, ndipo ndimacheuka. Pamsewu wopita kuntchito pali alamo angapo obzalidwa, masamba angophuka kumene. Akayamba kunjenjemera mphepo palibe, ndimawoloka msewu n'kudzera mbali inayo. Ndikuopa, ndipo sindikudziwa chimene ndikuopacho.

Pali nkhani inanso, ndipo iyi ndi imene ndakulemberani. Alamo a mitolo iwiri ali ndi pothawira. Njere zawo zimauluka, mwana aliyense amabadwa wosiyana ndi mnzake, wina amakagwera kumtunda kozizira, wina amapirira chilala, mtundu n'kumapitirira uku ukusintha. Wathu sungasamuke ndipo sungasinthe. Kuno tikuona kuti chilala chikakula, a mitolo itatu ndi amene amayamba kufa, ndipo nsonga zouma zija munaziona nokha. Njira yake yokhayo yokhalira ndi moyo ndi mphukira zochokera ku mizu. Ndinayenda nkhalango yonse ija, koma sindinapeze mphukira ngakhale imodzi yondifika m'chiuno. Zonse zinali zobudulidwa nsonga. Mitengo ikuluikulu ikatha, palibe wolowa m'malo.

Choncho ndikupempha chinthu chimodzi. Mukamakweza nkhosa mwezi wamawa, musazilowetse m'nkhalangomo. Timange mpanda, wautali ndithu kuti mbawala nazo zisalumphe, ndipo ukhalepo mpaka mphukirazo zitapitirira munthu wokwera pahatchi.

Ndikudziwa kuti msipu wa pa kasupe ndi umene wakupulumutsirani ziweto zaka zachilala zino. Ndikudziwanso zimene munene, kuti kulamula n'kosavuta munthu atakhala pampando wofewa ku Utah, nkhosa alibe ndi imodzi yomwe. Nenani zonsezo, munditukwane ngati mukufuna, koma mpandawo timange. Ndibwera ndi waya, ndipo maenje ndidzakumba nawo. Manja anga sanaiwale fosholo monga mumaganizira.

Alamu anandiuza kuti mtengo wa Eloy wauma, ndipo mukufuna kudula chigawo chimene chili ndi dzina lake kuti mukapatse Amayi. Dulani, musachite mantha. Lafa ndi thunthu lokha. Kamphukira kalikonse ka m'udzu muja ndi mtengo womwewo umene iye anaugwira ndi dzanja lake polemba.

Apa ndi pamene mtima wanga ukukanika kuchokapo. Zaka zonse zija Ababa ankagwada pa zitini, chimene ankachipemphacho chinkaphuka chokha kuphiri chaka ndi chaka, mazanamazana. Nkhosa zawo zomwe ndi zimene zinkachidya, iwo ataimirira pomwepo atatsamira ndodo. Iwo sankadziwa, achimwene. Ife tikudziwa.

Amayi musawawerengere kalatayi. Ndidzawauza ndekha, nditakhala nawo pafupi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti asaiwale kundisungira tsabola. Moni kwa ana anu Ruperto ndi Celina, kwa azakhali a Cleofas, ndi kwa amalume a Amarante ngati akumvabe munthu akamalankhula. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Zitini za Ababa zija zili m'shedi, kuseri kwa zishalo za mahatchi. Musazitaye ngakhale zachita dzimbiri. Ndikabwera ndidzadula tizidutswa ta mizu kuphiri n'kuika m'menemo, chifukwa mizu imaphuka. Mphukira ya m'chitini choyamba kuphuka tidzapita nayo kuseri kwa tchalitchi, inu ndi ine, tikaibzale pakati pa awiriwo.

Tsalani bwino mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Senaida