Atsibweni Anamwalira pa Wailesi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Vubwi kumeneko. Bondo lija likuvutabe? Thonje munamaliza kutola? Ine kuno ku Lusaka thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Buku langa lija linatuluka. Ndimaligulitsa ndekha Loweruka pa siteshoni ya mabasi. Anthu amalitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati muli mapemphero kapena mayankho a mayeso. Ndikati ndi nkhani yopeka, amandibwezera mwaulemu. Mayi wina anagula, koma ndinamuona akukupizira nalo mwana.

Ndiye a wailesi ya kwathuko atavomera kumaliwerenga mutu ndi mutu, ndinavina. Sindinadziwe kuti adzaliika atangotha kulengeza mauthenga a maliro.

Mlongo wanga Fyness wandiuza zonse pa foni, akuseka mpaka kutsamwa. Akuti wowerenga atangoti Zakeyo wokonza njinga wagwera m'chitsime pothamangitsa nkhumba ya eni, anthu sanadikire kumva zambiri. Abale a ku Sinda anafika ndi ufa pamutu, amayi a Chigwirizano anayamba nyimbo akadali kumsewu, adzukulu atanola kale makasu. Onsewo anakapeza eniake dzinalo, atsibweni a Zakeyo, ali phee pansi pa mtengo wa mango, akumata chubu. Azakhali a Dorika akuti, poyesa kuti aona mzukwa, anaponya nkhuni n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'munda wa mtedza.

Amayi, ine sindinafune kupha alongo anu. Ndinayesa mayina ena, Damiano, Osward, koma munthu wa m'bukumo ankangoti duu, osayankhula. Nditamupatsa dzina la atsibweni, anayamba kulongolola mpaka tsamba lomaliza. Za chitsime ndinapeka ndine. Za nkhumba mukuzidziwa nokha.

Tsono vuto ndi ili. Akwawo a Sylvia, mphunzitsi wa ku Katete ndinakuuzani uja, akuyembekezera nkhoswe yanga kumapeto kwa mwezi uno. Nditawaimbira atsibweni, anandiyankha kuti munthu wakufa sayimira ukwati, ndikapemphe chitsime chomwecho. Anatinso chawapweteka kwambiri si imfayo ayi, koma kuti m'bukumo ndinawaika m'manda ndi anthu ochepa, popanda kwaya, abusa atangotuma mkulu wa mpingo. Nkhuku za chipepeso zokha ndamva kuti sanabweze.

Bambo ake a Sylvia ndi munthu wosaseka. Ananena kale kuti mnyamata wobwera yekha ngati mbuzi yosochera sapatsidwa mwana wa munthu. Atsibweni akapanda kupita, Sylvia ndamutaya. Ndikuopa, Amayi, zoona ndikuopa.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite mukandipepesere, inu amakumverani. Mukawauze kuti ndalemba mutu wina. Mmenemo Zakeyo akudzuka m'bokosi n'kuyamba kukalipira kalipentala chifukwa cha matabwa ofumbwa, kwaya zitatu zikuimba, abusa enieni ali pomwepo. A wailesi avomera, ndipo ndawachonderera kuti ulendo uno auwerenge ikatha pulogalamu ya ulimi.

Mukaona kuti akuumabe mtima, mukawauze ichi. Chimwalirireni atate, ndayesa kangapo kuwadzutsa ndi cholembera, koma sadzuka, amangotsala papepala. Amene ankandikweza pa njinga kupita kusukulu mvula ikugwa ndi atsibweni omwewo. Wondiyimira ngati kholo anatsala mmodzi, ndipo ali moyo pansi pa mango paja.

Moni kwa Fyness, asiye kuseka. Moni kwa alamu a Misheck ndi ana, ndi kwa azakhali a Dorika, kaya mpweya wabwerera. Moni wapadera kwa malemu atsibweni. Muwauze kuti jekete lovala kukaonekera ku Katete ndagula kale, la msinkhu wawo ndendende.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mwana wanu,
Mateyo