Ndawapatsa Moni a Nabanda

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno ku Ludzi tilipo, bondo lokha ndilo likuvuta.

Chimwalirire amayi ako, TV unatumiza ija ndiyo imandichezetsa. Lamulungu ndinaonera filimu ya bambo wagolosale amene ankadana ndi mayi wasitolo yoyang'anizana nayo, koma mapeto ake anakwatirana. Ndinaseka, kenaka ndinakumbukira a Nabanda, amayi amasiye aja anatsegula golosale pafupi ndi yanga n'kundilanda makasitomala. Zaka zitatu osalankhulana!

Dzulo ndinawapatsa moni. Iwo anati, "Kodi a Phiri, pakamwa panu pamatseguka?" Za makasitomala sindinaiwale, koma mtima wapepuka.

Unditumizireko mankhwala a bondo. Za a Nabanda usaganize zambiri, pa msinkhu uno sindingakakhalenso mkamwini. Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.