Ubweya wa Mulekeni

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Tamanda tilipo. Mtedza wa m'munda mwanu wachita bwino, ndipo mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wabereka mwana wamkazi wa mphuno yanu yomwe ija. Denga la khitchini likudonthabe. Mchimwene wangayo amangoti mawa, ndipo ndikakumbukira mawu anu aja akuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndimafuna kumuseka. Koma ine ndilibenso pakamwa posekera munthu.

Galu wanu Mulekeni munasiyira ine. Alangizi a ziweto akabwera ndi katemera, munkamumanga chingwe nokha n'kupita naye, mwendo ukukupwetekani choncho. Chaka chatha tsikulo ndinali ku Kapata kogulitsa mtedza. Ndinati galu wa pakhomo angatani.

Nthawi yozizira analimbana ndi nkhandwe kudimba. Patapita milungu itatu analuma Tisa, mwana wachisamba wa Yohane, kabala kakang'ono padzanja. Yohane anandifunsa ngati galuyo anabayidwa. Amayi, ndinavomera. Ndinachita manyazi kunena kuti ndalephera chinthu chimene inu munkachita motsimphina. Ndinameta ubweya wa galuyo, n'kuwotcha, n'kupaka phulusa pabalapo monga timachitira kuno. Galu anasowa, bala linapola, mtima wanga n'kukhala pansi.

Patatha mwezi ndi theka Tisa anatentha thupi, kenako anayamba kuopa madzi. Ludzu ali nalo, koma kapu ikayandikira, khosi likukana. Kuchipatala anati ndi chiwewe, chafika kale ku ubongo. Tikanapita naye tsiku lomwe analumidwa, bwenzi ali moyo. Tinamuika pafupi nanu, chakumiyendo.

Yohane akukhulupirirabe bodza langa. Tsopano akuyenda m'mudzi kuuza anthu kuti katemera wa agalu sagwira ntchito, umboni wake ndi manda a mwana wake. Anthu akumumvera, ndipo alangizi aja akubweranso Lachisanu. Ine ndimangowerama n'kumasenda mtedza. Ndikudzida, Amayi.

Munkati mlandu suwola. Ndikulonjeza kuti mawa m'mamawa ndikamuuza zonse, mkazi wake ali pomwepo. Akandichotsa pa ubale, ndiye kuti ndayenera.

Ndimakukondani. Tisa akafika kwa inu, chonde mum'patse madzi, anachoka ndi ludzu.

Ndine mwana wanu,
Malita