Fulayiwilo Imene Sinkafika

Buguruni,
Dar es Salaam,
14 Ogasiti 2023.

Wokondedwa mwana wanga Robert,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Blantyre, pamodzi ndi mpongozi wanga Edna ndi ana. Kuno tili moyo. Mlongo wako Mable ndi mwana wake Miriam ali bwino. Ndasankha kalata chifukwa nkhani iyi si ya pa lamya.

Ukukumbukira kuti injini ya galimoto yanga ya Corona itafa mu Januwale, ndiwe unandipezera ina, yochotsedwa m'galimoto ya otomatiki. Ndinakuuza kuti giyabokosi yanga yosintha ndi dzanja isachoke, pakuti ndayendetsa motero zaka makumi anayi. Unavomera, ndipo unasankha wekha fundi Nicholaus, makaniko wa ku Tegeta.

Nicholaus anati ntchitoyo ndi yotheka. Anafotokoza kuti injini ya otomatiki ili ndi mbale yopyapyala kumbuyo kwake, imene iyenera kuchotsedwa, ndipo m'malo mwake mumangidwe fulayiwilo, chitsulo cholemera chimene kilatchi imagwira. Anati chosowa ndi chokhacho.

Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikukwera daladala, minibasi ya kuno, kupita ku Tegeta Lachiwiri lililonse, nditavala tayi. Nthawi zonse ankandiuza kuti pole mzee, ndiko kuti pepani mkulu, fulayiwilo sinafike, ndiyesenso kesho, kutanthauza mawa.

Lachiwiri lapitali sindinamupeze. Mkazi wake Kidawa anandilowetsa m'chipinda cha zipangizo kuti ndithawe dzuwa. Phazi langa linagunda chitsulo chokutidwa ndi chiguduli. Nditachisisita, zala zinapeza mano m'mphepete ndi mabowo a mabawuti pakati. Kidawa, mosadziwa kanthu, anati chitsulocho ndi changa, chinamasulidwa pa injini yakale mu Febuluwale.

Nicholaus atabwera ndinamuonetsa chitsulocho, ndipo anagwetsa nkhope. Anavomera kuti fulayiwilo yakaleyo ikukwana bwino pa injini yatsopano, ndipo ntchito yotsala ndi ya masiku awiri. Kenaka anaulula kuti iwe unamulamula kuti asamalize, azingondizengereza, chifukwa maso a mzee afooka ndipo angaphe munthu pamsewu. Ndinafunsa ngati Mable akudziwa. Anati Mable ndiye amamukumbutsa.

Robert, unkayesa kuti sindikudziwa za maso anga?

Tsopano ndikuululire chimene ndinabisa. Sabata imodzi injini isanafe, pa msewu wa Bagamoyo, ndinatsala pang'ono kugunda mayi wobereka mwana. Sindinamuone mpaka atakuwa. Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti sindidzayendetsanso, koma manyazi ananditseka pakamwa. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikuvomera.

Galimotoyo ndinkaikonzetsera Miriam, amene wangopeza laisensi. Ndinkafuna kukhala pambali pake ndi kumuphunzitsa kumvera injini posintha giya, monga ndinakuphunzitsira iwe ku Msasani, pamene ndinali dalaivala wa banja lina kumeneko. Maso apita, koma makutu akadalipo. N'chifukwa chake ndinakakamira giyabokosi yakale.

Ukanandifunsa, ndikanakupatsa makiyi ndi manja awiri. Koma unatuma munthu wa kunja kwa banja kuti andinamize m'malo mwako, ndipo garaja yonse inkandionerera ndikubwerera ku basi ndi tayi wanga. Ndinakulera kuti uziyang'ana munthu m'maso ukamamuuza zowawa. Kodi bambo ako sakuwerengedwa pa anthuwo?

Ndamuuza Nicholaus kuti amange fulayiwilo. Loweruka Miriam akaitulutsa galimotoyo, ine nditakhala kumanzere kwake. Ndi Mable tinalankhulana kale, ndipo analira.

Kwa iwe ndili ndi pempho limodzi. Usandiimbire lamya, ndipo usatume munthu. Tenga pepala, ulembe ndi dzanja lako chimene unaopa kundiuza. Ulembe zilembo zikuluzikulu, kuti ndiwerenge ndekha.

Undiperekere moni kwa Edna ndi adzukulu anga. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
W. D. Chisambiro