Dilamu lanu ndaliboola

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, koma chaka chatiwawa. Mvula inadula chimanga chili pa ngaiyaye, moti nkhokwe yanu sinafike ndi pakati pomwe. Mtedza wokha ndi umene wayesako. Malita, mng'ono wanga, anachira mwezi watha kuchipatala cha ku Zemba, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, yotukula ngati ikununkhiza za eni. Koma mwanayo kulira kwake n'kosaleka. Kuchipatala akuti ndi m'mimba chabe, adzasiya. A malume Layisoni akuti ayi, ndinu mukulira, chifukwa chikuikireni m'manda sitinakufululireni mowa wa bona woti titsanzikane nanu, mzimu wanu ugone.

Ndiye ntchito yagwera ine, mwana wanu wamkazi woyamba, amene sindinafululepo mowa chibadwire. Mukukumbukira inu. Mukamatereka madilamu, ine ndinkanyamuka ulendo wa kukwaya, osayang'ana ndi kumbuyo komwe. Munkangoseka n'kunena kuti, "Kayimbeni, amayi a Mulungu, koma nsapato mwavalazo ndi masese." Akulu a mpingo andiuza kale kuti ndikafulula andiimitsa kumgonero. Ndawayankha kuti amve, mayi ndi wanga.

Ndinayambira pamene inu munkayambira, pa kutsuka. Mbiya zanu ndinazipeza kuseri kwa khitchini, mkati muli zisa za mavu ndi ndowe za makoswe. Ndinaziwaza madzi owira, n'kuzikwecha ndi phulusa ndi chitsononkho mpaka zala zinachita matuza. Kenako ndinazifukiza utsi wa udzu n'kuzivundikira padzuwa. Mthiko waukulu ndinaupala ndi mpeni. Thumba losefera ndinaliwiritsa, zipanda zomwera ndinazitsuka chimodzichimodzi. Chiwiya chilichonse ndinkachiika pamphuno, monga munkatichititsa tili ana. "Kanunkhize," munkatero. "Mphuno ikakana, bwereza." Pa zonsezi mphuno inavomera.

Chinasowa ndi dilamu lanu lalikulu, lophikira phala la mowa. Ndinafunafuna, kufunsa uku ndi uku, mpaka ndinakalipeza kumunda wa thonje wa mlongo wanga Gidiyoni, lili pansi pa mtengo. Dzinja lonse mwana wanuyu ankasungunuliramo mankhwala opopera thonje. Nditamufunsa anangokanda m'mutu. "Alongo, linkangokhala, nanga ndikanatani? Komatu ndinalitsukuluza kale." Gidiyoni mumamudziwa, Amayi. Kutsukuluza kwake ndi kuthira kapu imodzi ya madzi n'kugwedeza.

Ndinaligubuduza mpaka kunyumba. Ndinalitsuka ndi madzi owira, ndi mchenga, ndi phulusa, ndi sopo. Ndinasonkha moto wa udzu mkati mwake mpaka linada bii, n'kulikwechanso. Mutu unandiwawa tsiku lonse, manja akuyabwa. Nditalowetsamo mutu, fungo lija linalipobe, pang'ono chabe, pansi m'mphepete momwe mwadya dzimbiri. Ndinabwereza. Mawa lake ndinabwerezanso. Kenako mphuno yanga inatopa, sindinadziwenso ngati fungolo lili m'dilamu kapena lakhazikika mwa ine. Ndinadzazamo madzi oyera kuti agonemo, ndipo m'mawa ndinakawataya pansi pa mango.

Nkhuku yanu yamawanga ija inabwera ndi anapiye ake n'kumwa pathaphwipo. Abakha a Malita nawonso anamwa. Dzuwa lisanafike paliwombo zinali zikuphupha pabwalo, makosi atapindika, dovu kukamwa. Anapiye ndiwo anayamba kufa. Ndinaimirira pomwepo manja ali m'khosi. Mnansi wathu wina anabwera kudzapempha abakhawo kuti akachite ndiwo, poti kwake ana atha masiku akudya mphangwe yokhayokha. Ndinamukaniza, anachoka akunditukwana. Ndinakumba dzenje lalitali kudzala, ndinakwirira zonse, pamwamba n'kuikapo miyala kuti agalu asafukule.

Madzulo ake a malume anafika pa njinga kuchokera ku Pembamoyo. Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse, ndinawaonetsa ndi dzenje lomwe.

"Ndi chitopa chimenecho, Naphiri," anatero. "Nkhuku zikufa mudzi uliwonse."

"Nanga abakha, malume? Chitopa chopha tsiku limodzi, pathaphwi limodzi?"

"Moto umatha zonse. Mlongo wanga sadziwa chiwiya cha eni. Mowa wophikidwa m'dilamu la wina sadzaulandira, ndipo khanda lija lidzalira mpaka lidzamutsatira. Mkuja titereka, m'dilamu lake."

Sanalankhule mwaukali, Amayi. Amakukondani mlongo wanu, akuti amakulotani mutakhala pakhomo, mutafulatira. Azimayi amene analipo anangoti zyoli, palibe anandithandiza. Ndani angatsutse mwini mbumba pa nkhani ya mlongo wake?

Koma inu mukudziwa m'mene mowa umayendera. Usanakalipe, timayamba tatunga thobwa m'dilamu momwemo, la ana ndi la anthu opemphera amene samwa mowa. Woyamba kupatsidwa akanakhala Malita, kuti mawere atuluke mkaka. Pambuyo pake ana anga, ana a Gidiyoni, ndi ana onse a m'mudzi uno, amene chaka chino akangomva kuti kwakuti kuli thobwa amafika ndi makapu kusanache. Ndikatseka maso ndinkawaona pabwalo pomwe paja panagona anapiye. Mantha amene ndinali nawo sindinakhalepo nawo, ngakhale tsiku lomwe munatisiya.

Tsiku lotereka litafika, azimayi anapita kumjigo, ena kukatola nkhuni. A malume anali pakhonde akumwa tiyi. Mafuwa anali ataikidwa kale, dilamu lili pambali. Ndinalowa m'nyumba mwa Gidiyoni, ndinatenga nkhwangwa. Ndinaligoneka dilamu lija n'kuyamba kulitema pansi pake. Phokoso linamveka mudzi wonse. Azimayi anatula ndowa panjira n'kuthamanga. Sindinasiye mpaka panang'ambika bowo loti mkono n'kulowa, loti ngakhale wowotcherera zitsulo wa ku Chadiza sangalimate.

Nditaponya nkhwangwa pansi m'pamene ndinalira. Dilamu limenelo ndilo linatilera bambo atamwalira. Pakamwa pake pali popindika pomwe munkagogodapo mthiko, ndipo ndinakhala pansi ndikupasisita ngati wamisala.

A malume anaika kapu pansi, anabwera, anayang'ana bowolo nthawi yaitali. Ndinkayembekeza mbama, bwenzi zili bwino. Iwo anangoti, "Wawapha kachiwiri amayi ako. Ine mowa wanuwo sindikathira kumanda." Anakwera njinga, ulendo wa ku Pembamoyo, ndipo mpaka lero sanabwere. Tatumako anthu, akuti alibe mawu.

Amene andithandiza ndi a Nangozo a ku Zingalume, mnzanu uja munathawa naye nkhondo ku Mozambiki. Atamva nkhaniyi anatumiza dilamu lawo pa ngolo, iwonso atakhala pamwamba pake. Sanandifunse kanthu. Nalonso ndinalitsuka ndi phulusa ndi madzi owira, iwo akundiyang'anira, kenako tinanunkhiza tonse awiri. Ndiwo akundionetsa pothira chimera, ndipo akuti ndimavundula ngati munthu woopa kudetsa malaya. Thobwa ana amwa, onse ali bwino, akusewera panja pano ndikulemba. Mowa uli m'mbiya zanu tsopano, wayamba kuwira.

Koma pakhomo pano pazizira. Khanda likulirabe. Malita sakundilankhula, likayamba kulira amangondiyang'ana. Gidiyoni amadya kwa anzake. M'mudzi akunena kuti za kutchalitchi zandilowa m'mutu, ndinaboola dala kuti bona lilephereke. Ndipo ine, Amayi, sindikudziwa ngati a malume akunama. Za kumeneko ine sindizidziwa. Mwina n'zoona kuti chiwiya cha eni simuchidziwa. Mwina Loweruka tidzathira mowa pamtumbira wanu inu n'kufulatira.

N'chifukwa chake ndalemba, kuti mumve kwa ine, osati kwa wina. Nkhwangwa ndinagwira ndine. Malita sanadziwe, Gidiyoni sanadziwe, ana sanadziwe kanthu. Lingabwerenso tsiku lija ndingaliteme chimodzimodzi, pepani. Ngati mwakwiya, nyumba yanga mukuidziwa, ndi yomwe ija yoyang'ana kumjigo. Bwerani kwa ine, mundidwalitse ine, mundilande tulo ine. Mwana wa Malita mumusiye agone.

Loweruka ndidzabwera ndi chipanda, a malume alipo kapena palibe. Ndidzagwada kumutu kwanu n'kuthira ndi manja angawa, ndipo sindidzadzuka msanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati Naphiri