Tsamba latuluka loyera

Lachinayi, Julaye 2008

M'mawa a Saidi andiitana mokalipa, akuti tsamba la pa intaneti la golosale yawo lafa. Ndi pamene abale a ku Joni amalipirira chakudya cha anthu awo kuno. Mtima wanga sunakhale pansi tsiku lonse.

Ndathamangira ku kafe ya intaneti ku Zengeza 4. Zoonadi, dzina la shopu lili pamwamba, pansi pali mbee. Ndimayesa ndaononga templeti ya XSLT imene mnzanga Farai anandisiyira popita ku Botswana. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndimangodziwa kuti templetiyo imatenga mndandanda wa katundu n'kuusandutsa tsamba. Ndaunguza mzere uliwonse, osapeza cholakwika. Kungoti muli lamulo loti katundu amene watha asaoneke. Shuga watha, mafuta atha, sopo watha, palibe chotsala choti chioneke.

Nditawafotokozera, akuti, "Iwe mfana, chotsa lamulolo. Anthu alipire, katundu tidzamupeza."

"Nanga akapanda kupezeka, mudhara?"

"Bvisa chete, ingochotsa basi. Ukakana ndipeza wina."

Lamulolo ndi timizere tiwiri tokha. Koma pali mayi wina wa ku Unit A amene amabwera ndi wilibala mwana wake wa ku Joni akalipira. Adzabwerera nayo yopanda kanthu.

Kunyumba mwana wanga Chipo wadya phala lamadzimadzi, akulirabe. Amake angoyang'ana m'manja mwanga. Ntchito ina ndilibe, ndipo kaufa kamene tikudya amandipatsa ndi a Saidi omwewo.

Mawa magetsi akabwera ndikachotsa. Ndikupemphera kuti asabwere.